Tsiku limene Nissan ya amalume inakana kulira

Pa Chichewa sitikonda kunena kuti injini yayamba, timati yalira. Dalaivala amaliza galimoto monga mmene mnyamata amalizira ng'oma, ndipo ikavuta m'mawa timati yakana kulira, ngati tambala wogwidwa ndi chitopa. Mawu amenewa ndinkangowanena osawaganizira, kufikira Lachisanu lina la mwezi wa Julayi chaka cha 2022, pamene ndinaima pabwalo la nyumba ya lendi kuno ku Jeppestown, zala zili gwa ndi chisanu, ndikuchonderera chitsulo kuti chilire.

Galimoto yake ndi Nissan 1400, kapikapu kaja kamene kuno amakatcha bakkie. Amene munakhalapo ku Joni mukukadziwa: kafupi, kopepuka, kokwana anthu awiri kutsogolo, atatu ngati ali ogwirizana. Kanayamba kupangidwa m'dziko lino mu 1971 kakudziwika ndi dzina la Datsun, ndipo fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, inasiya kukapanga mu 2008 maonekedwe ake asanasinthe kwenikweni. Olankhula Chiafrikaans anakapatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza kosafa. Injini yake, yotchedwa A14, ili ndi masilinda anayi, kabuleta ndi disitibyuta. Mulibe kompyuta, ndipo mulibe malo amene munthu wokhala ndi masipanala asanu ndi mutu wodekha angalephere kuwafikira. Yangayi ndi ya 1988. Koma ndalakwa kunena kuti yanga. Ndi ya amalume.

Amalume anga, mlongo wawo wa mayi, anatsikira kuno pa lole mu 1995, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, njira yomwe ambiri a ife tinadzaitsata pambuyo pake. Bambo awo anali atafikako kale kumigodi pa ndege ya Wenela, Kamuzu asanatseke ulendowo mu 1974 ndege itapha anthu athu oposa 70 ku Francistown. Agogo ankakumba pansi pa Joni. Amalume anakhalira kukwawa pansi pa magalimoto ake. Kwa zaka zoposa 20 anali makaniko m'galaja ina pa Jules Street. Msewu umenewu, wotchedwa ndi dzina la Julius Jeppe, wa m'banja limene linayambitsa dera lino golide atangopezeka mu 1886, umawongoka ngati chingwe kuchoka ku Jeppestown kudutsa Belgravia mpaka ku Malvern, ndipo mbali zonse ziwiri ndi za magalimoto zokhazokha: ogulitsa magalimoto akale, ophwasula, owongola mabodi, owotcherera, a matayala ndi a masipeya. Mumamva Chizulu, Chishangani, Chishona ndi zinenero za ku Nigeria ndi ku Pakistan, ndipo mukatchera khutu pansi pa galimoto ina mudzamva munthu akukalipira bawuti m'Chiyao kapena m'Chichewa.

Pa 1 Seputembala 2019, moto utapha anthu atatu m'nyumba ina yakale kuno ku Jeppestown, kunabuka chipolowe. Pofika m'mawa masitolo anali ataswedwa, magalimoto ambiri atapserera m'mabwalo a pa Jules Street, ndipo ochuluka mwa otaya katundu anali obwera. Usiku umenewo Nissan inali itagona pamsewu. Ine ndi amalume tinatuluka opanda nsapato, tinaichotsa giya, n'kuikankha mumdima, osayatsa nyali, osakhudza kiyi, mpaka pageti pa agogo ena Achizulu amene tinayandikana nawo. Anatsegula osafunsa kanthu, n'kuifunditsa makatani akale. Tsiku limenelo pemphero lathu linali lakuti isalire. Galaja ija sinatsegulidwenso. Kenaka kunabwera Covid, kenaka shuga anayamba kudya maso a amalume, ndipo mu 2021 anabwerera kwathu ku Ntcheu akuyenda mopapasa. Pochoka anandiika makiyi m'manja. "Izikudyetsa iwe," anatero, "ndipo izindigulira ine mankhwala." Tinapangana R1,000 pa mwezi.

Chaka choyamba ndinasunga pangano, koma 2022 inandipinda. Petulo ankakwera pafupifupi mwezi uliwonse mpaka mu Julayi anapitirira R26 pa lita, maganyu onyamula katundu anachepa, ndipo lendi sadziwa kuti kunja kwavuta. Epulo ndinadumpha, Meyi ndinadumpha, Juni chimodzimodzi. Ndinkadziwa bwino kuti kumudzi kwacha yagwa ndi 25 peresenti kumapeto kwa Meyi, ndipo kuti mankhwala akwera mtengo. Nambala ya ku Ntcheu ikaonekera pa foni ndinkaiyang'anitsitsa mpaka itasiya yokha. Ngongole ya kwa mlendo imangokusowetsa tulo. Ya kwa malume imakusowetsa ndi mawu omwe.

Lachisanu limenelo ndinali ndi ganyu yabwino koposa zonse za mwezi umenewo. Mayi ena a ku Mangochi, okhala ku Mayfair, anali ataferedwa mwamuna. Thupi linali litatsogola kale kumudzi, ndipo iwo ankafuna kuti firiji, matilesi awiri, makina osokera ndi makatoni zikafike pamalo opakira malole opita ku Malawi isanakwane 4 koloko madzulo. Anali atandipatsa theka la ndalama Lachitatu, ndipo theka limenelo linali litalowa kale m'thanki ndi m'mimba.

Nditapotoza kiyi cha m'ma 6 koloko, sitata inazungulira molemera ngati munthu wodzutsidwa pakati pa usiku. Sindinadabwe. Johannesburg ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, ndipo m'mawa wa Julayi chisanu chimachita kuyera pagalasi. Batire imafooka, oyilo amalimba. Ndinakoka tchoko, ndinapopa faya, ndinapotozanso kiyi. Ndinabwereza mpaka batire inangoti kho, kho, zii. Anyamata atatu anandithandiza kuikankha mumsewu, ndinaika giya yachiwiri n'kusiya kalachi. Matayala anakuwa, injini inazungulira, koma sinatsokomole ngakhale kamodzi. Apa mpamene munthu wanzeru akanaima. Galimoto ya mtundu uwu, ngati vuto lake ndi batire yofooka chabe, imalira ukaikankha. Inali itandiuza kale kuti batire si mwini mlandu. Koma mantha ali ndi chizolowezi chotuma munthu kusitolo, pakuti kugula chinthu kumaoneka ngati kuchitapo kanthu. Ndinathamangira ku Jules Street ndi ndalama ya lendi, ndinagula batire yogwirapo kale ntchito pa R600, ndinawonjezerapo mapulagi anayi. Pobwera ndinazula nthambo zonse zinayi za mapulagi nthawi imodzi, ndinamanga mapulagi atsopano, n'kubwezera nthambozo monga mmene maso anandiuzira.

Tsopano sitata inazungulira mwamphamvu, mosangalatsa kumva. Injini osalira.

Boneti yotsegula imaitana anthu kuposa belu la tchalitchi. Posakhalitsa ndinali ndi bwalo lonse la aphungu. Wina anati ndi pampu ya petulo. Wina anati kabuleta yatha, ndipo mwamwayi mchimwene wake ali nayo ina yogulitsa. Wowongola mabodi wa ku Maputo anagogoda sitata ndi nyundo, ngakhale kuti sitatayo inalibe chifukwa. Mnzanga wa ku Dedza ananditengera pambali n'kundinong'oneza kuti galimoto imene imayenda dzulo siingangofa usiku, ndiganizire bwino amene ndinakangana naye. Ndinaseka, komatu mumtima ndinali nditawerenga kale miyezi itatu ija. Aliyense anatchula dzina la chitsulo. Palibe anatchula njira yodziwira ngati chitsulocho ndicho chalakwa. Inakwana 11 koloko. Mayi a ku Mayfair anaimba kawiri. Kachiwiri sanakalipe, anangoti, "Achimwene, katunduyu ndiye zonse zimene watisiyira." Nditadula foniyo ndinagula bando, ndinakhala pa bampala, n'kuimba ku Ntcheu.

Anayankha msuweni wanga, ndipo ndinamva mapazi ake akuthamangira kukhonde.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Ndaswera. Kani mphwanga ukadali moyo?"

Ndinameza malovu. Ndinali nditakonza mawu opepesa, koma amene anatuluka ndi akuti, "Galimoto yakana kulira."

Anakhala chete pang'ono. "Wagula chiyani?"

Sanafunse kuti yatani. Ankandidziwa. Nditawauza za batire ndi mapulagi anapumira m'mwamba. "Ndinakuuza kangati kuti usamagule kanthu usanaifunse galimoto? Injini imafuna zinthu zinayi basi: mafuta, mpweya, kupanikiza ndi moto, ndipo motowo uzifika pa nthawi yake. Ikakana kulira, chimodzi mwa zimenezi chasowa. Thamangitsa anthuwo. Pakhale mmodzi wopotoza kiyi. Ika foni pa injini."

Anatsala mnyamata wa ku Tete amene amaphunzira ntchito kwa wowongola mabodi uja. Iye anapotoza kiyi, ine nditagwira foni pamwamba pa injini, ndipo munthu wosaona amene anali mayiko atatu kutali anamvetsera.

"Bwerezani." Tinabwereza. "Chabwino. Ikuzungulira mofanana, palibe pamene ikuthamanga ngati yaponda m'dzenje. Masilinda onse akupanikiza. Zimenezo tachotsa."

Pambuyo pake ndinadzamvetsa chimene ankamvera. Pisitoni iliyonse ikamakwera kukapanikiza mpweya, sitata imalemedwa pang'ono, ndiye kuzungulirako kumakhala ndi kayimbidwe kake ka magawo anayi ofanana. Silinda imodzi ikamataya mpweya, sitata imapepukidwa pamenepo ndipo kayimbidweko kamatsimphina. Ine ndinali nditamva phokoso lomwelo m'mawa wonse, koma ndinkangomva kuti galimoto sikulira.

Za mafuta sizinatenge nthawi. Anandiuza kuti ndichotse chivundikiro cha sefa ya mpweya, ndisuzumire kukhosi kwa kabuleta, ndikoke ndi dzanja kachitsulo ka faya. Petulo anathovoka kamzere kowala. "Ndiye pampu ilibe mlandu, kabuleta ilibe mlandu. Ukununkhiza chiyani?" Ndinati petulo yekhayekha. "Waimwetsa mpaka kukhuta. Tsopano moto."

Ndinazula nthambo yapakati pa disitibyuta, ija yochokera ku koyilo, ndinaigwira ndi pulayala yokutidwa n'kuiyandikizitsa ku chitsulo cha injini, kusiya mpata wocheperapo kunenepa kwa pensulo. Mnyamata anapotoza kiyi. Panalibe kanthu, ngakhale kamoto kofooka.

"Ndiye koyilo yapsa," ndinatero, maganizo ali kale pa Jules Street.

"Wayambanso. M'kabokosi ka kutsogolo, pansi pa mapepala, muli kababu ka mawaya awiri. Kakadalimo?"

Kanalimo, kokulungidwa m'sokosi yakale monga anakasiyira. Waya umodzi ndinaugwiritsa ku chitsulo cha injini, winawo pa mutu wa koyilo wolowera magetsi. Kiyi atatsegulidwa, kababu kanayaka. Magetsi akufika. Kenaka ndinasamutsira wayawo ku mutu winawo, umene umapita ku disitibyuta. "Injini ikamazungulira kazithwanima," anatero amalume, "kuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima." Mnyamata anapotoza kiyi. Kababu kanangokhala chizimire.

Achinyamata amene mwakulira pa magalimoto a kompyuta mundilole ndifotokoze pang'ono, pakuti chinthuchi n'chokongola. M'kati mwa disitibyuta ya galimoto zakale muli tizitsulo tiwiri togundana milomo, timene amakaniko amati mapointi. Tikagundana, magetsi a batire amadutsa mu koyilo n'kuidzaza mphamvu. Tikalekana mwadzidzidzi, mphamvu ija imasowa kopita, n'kusanduka magetsi a mavoti masauzande ambiri amene amathamangira ku pulagi n'kulumpha ngati kamphezi. Moto subadwa pogundana, umabadwa polekana. Chimene chimatilekanitsa ndi chitsulo cha ngodya zinayi chozungulira pakati, chimene chimakankha kachidendene kakang'ono ka pa mapointi, kanayi pa kuzungulira kulikonse. Kababu kosayaka kanatanthauza kuti mapointi sakulekana konse, kapena kuti magetsi akuthawira ku chitsulo penapake m'katimo.

Ndinamasula timako tiwiri, ndinachotsa chivundikiro ndi rota. Ndinaika sipanala pa bawuti ya kutsogolo kwa injini n'kuzungulitsa pang'onopang'ono mpaka kachidendene kaja kanakwera pamwamba penipeni pa ngodya. Pamenepo mapointi amayenera kukhala atayasama. Anali atatsekana ndithu, tsitsi silikanapita. Kachidendene kanali katadyeka, ndipo chitsulo chozungulira chija chinali chouma ngati fupa la pamtunda.

"Unapakapo liti girisi?"

Sindinayankhe.

"Ndamva," anatero.

Sichinafe usiku umodzi monga ankaganizira mnzanga wa ku Dedza. Chinali chikudyeka kwa miyezi, mpata ukucheperachepera, ndipo galimoto inkandiuza: inkachedwa kulira m'mawa, inkafooka pachitunda, inkamwa petulo mopitirira. Zonsezo ndinkazikankhira pa ukalamba wake ndi pa mtengo wa mafuta.

Ndinapala milomo ya mapointi ndi kachidutswa ka sandipepa, n'kupukuta ndi pepala loyera. Mpata wake umayenera kukhala pafupifupi theka la milimita. Timasamba tachitsulo toyezera mpata ndinali nditabwereketsa kalekale kwa munthu amene anasamukira ku Germiston. Amalume anati nding'ambe chikuto cha bokosi la machesi. "Masula sikulu pang'ono, osati yonse, ingagwere m'kati ndipo ulira ndiwe. Lowetsa katoniyo. Izilowa mokhudza mbali zonse koma osakakamira. Manga. Yezanso, chifukwa pomanga zimasuntha." Zinasunthadi, ndinabwereza katatu. Girisi anati ndipake wochepa ngati njere ya mapira, pa chitsulo chozungulira chokha, asakhudze milomo. Nditayesanso nthambo ya koyilo, moto wabuluu unalumpha, thwa, thwa, thwa, mpaka amalume anaumva pa foni.

"Ameneyo ndiye moto. Tseka, uilize."

Ndinalowa ndekha, mtima uli m'mwamba. Ndinapotoza kiyi. Injini inazungulira, inagwedezeka, kenaka phuu! Lawi linatuluka kukhosi kwa kabuleta, mnyamata wa ku Tete anagwa chagada, ndipo aphungu anga amene anali ataima chapatali anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Pa foni panali zii. Kenaka ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimve kwa nthawi yaitali: amalume akuseka mpaka kutsokomola.

"Pomanga mapulagi ako atsopanowo, nthambo unazula imodziimodzi kapena zonse pamodzi?"

"Zonse pamodzi."

"Ndiye galimoto inali ndi nthenda imodzi, iwe waiwonjezera yachiwiri ndi ndalama zako."

Moto unalipo tsopano, koma unkafika pakhomo polakwika, pa silinda imene valavu yake inali ikadali yotsegula. Injini imeneyi imawotcha motsata 1, 3, 4, 2, kuwerenga kuyambira kutsogolo. Anandiuza kuti ndimasule mapulagi onse, popeza anali atanyowa kale ndi petulo, ndiwapukute n'kuwayanika padzuwa. Kenaka nditseke bowo la silinda yoyamba ndi chala chachikulu, mnyamata azungulitse injini ndi sipanala mpaka mpweya utakankha chala changa, ndipo tipitirize pang'ono mpaka kachizindikiro ka pa pule kafike pamzere wake. Kumene rota inaloza pamenepo ndiko kunali kwa nthambo yoyamba. "Usaloweze kuti imazungulira chakuti. Iyang'ane ikamazungulira, uitsate." Ndinaitsata, ndipo ndinapeza kuti ndinasinthanitsa yachitatu ndi yachiwiri. Ndinabwezera zonse m'malo mwake.

"Tchoko usakhudze. Ponda faya mpaka pansi, usapope, ungogwira pomwepo kuti ipume."

Inazungulira kanayi kapena kasanu, inatsokomola, inagwira pa masilinda awiri, kenaka atatu, kenaka yonse inalira, utsi wakuda uli tolo kumbuyo. Agogo Achizulu aja anatulukira pawindo n'kuwomba m'manja. Nthawi inali 1:40.

"Usaizimitse," anatero amalume. "Bweretsa foni pafupi." Ndinaigwira pamenepo mwina mphindi yathunthu, iwo osanena kanthu. Ndikuganiza kuti sankafufuzanso vuto.

Nditaibweza kukhutu ndinati, "Amalume, za ndalama zija..."

"Za petulo ndimamva pa wailesi, sindine mwana. Ukanandiuza kuti mwezi uno zavuta, ndikanadziwa pogwira; mbuzi ndikanagulitsa mu Epulo, osati mu Juni mitengo itagwa. Galimoto ikakana kulira tili ndi poifunsa. Nanga munthu akangoti zii, timuika kababu pati?" Anatsokomola. "Pita, amayiwo akudikira. Pointi imeneyo yatha, ugule ina sabata ino pamodzi ndi kondensa. Imeneyo ndiye ugule."

Ndinafika ku Mayfair cha m'ma 2:30, ndipo katundu tinamutsitsa pa malole itangopitirira 4 koloko, ine thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Lole yake inanyamuka Loweruka usiku, monga amachitira malole. Pa theka lotsala la ganyuyo ndinatumiza R400 ku Ntcheu tsiku lomwelo, ndi uthenga wonena tsiku limene ndidzatumize ina. Mapointi ndi kondensa zinandidya ndalama yosafika ngakhale theka la mtengo wa batire ija. Batire yakaleyo nditaitchajitsa inapezeka kuti ili bwinobwino. Ili pansi pa bedi langa mpaka lero, ndipo mwini nyumba anandidikira masiku khumi ndi nkhope yosasangalatsa.

Ngongole ija ndinaimaliza mu Novembala. Kuyambira nthawi imeneyo ndimaimba Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, kaya ndatumiza kanthu kaya ayi. Tikatha kufunsana za mvula ndi za odwala, amalume amati, "Tatiye timve." Ndimatsegula boneti, ndimailiza, n'kuika foni pa injini. Lamlungu lapitali anamvetsera nthawi yaitali kuposa masiku onse, kenaka anati valavu imodzi chakumbuyo ikugogoda, mwina pa silinda yachinayi, ndipo ndipeze timasamba toyezera tenitenito chifukwa pamenepo bokosi la machesi silithandiza. Ine ndamvetsera kangapo sabata yonseyi, nditatsamira pa bodi, maso nditatseka monga iwo. Sindinaimvebe.